Mtunda wa Pakati pa Chileka ndi Lilongwe

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi



Lero sindikamba za mizere kapena za manyowa ai. Ndifuna kuyankha funso limene ndinafunsidwa pa msonkhano wa alimi mwezi watha. Tiri mkati mwa nkhani yathu, ndege inadutsa pamwamba, ndipo inu mudziwa kuti ndege ikamadutsa msonkhano umayamba waima kufikira phokoso litatha. Itapita, mfumu ina yachikulire inati kwa ine, "Alangizi, tandiuzani. Ndimamva kuti chinthu chimenechi chikanyamuka ku Chileka, chimafika ku Lilongwe nyemba zimene mai wateleka zisanapse. Ine ulendo womwewo ndinakwera basi m'mawa, kukatsika dzuwa litapendeka. Kodi kumwambako dziko ndi lalifupi?" Anthu anaseka. Koma ine ndiona kuti amfumuwo anafunsa zanzeru, ndipo yankho limene ndinawapatsa tsiku lija linali loperewera. Tsono lero ndiyankhe bwino, nonse muli kumva.

Tiyambe ndi muyeso. Chileka ndi bwalo la ndege la Blantyre, ndipo liri pafupi ndi phiri la Michiru, ngati mamailosi 10 kuchokera m'tauni. Bwalo la Lilongwe, lodziwika ndi dzina la Kamuzu, liri ku Lumbadzi, mamailosi 15 kumpoto kwa mzinda. Mukatenga mapu a dziko lathu ndi kutambasula chingwe kuchokera pa bwalo lina kufika pa linzake, mupeza mamailosi pafupifupi 150, ndiwo makilomita 245 pa muyeso wa masiku ano. Mseu wa galimoto wodzera pa mlatho wa Zalewa uli ndi mamailosi pafupifupi 195 kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe. Wodzera ku Zomba ndi ku Liwonde uli ndi mamailosi ngati 220.

Chomwecho amfumu aja sanalakwe kwenikweni. Njira ya kumwamba ndi yaifupi ndithu. Koma kufupika kwake ndi mamailosi 45 okha, osakwana ngakhale mtunda wa kuchokera ku Lilongwe kufika ku Dedza. Chimene chimadabwitsa anthu ndi liwiro. Ndege zoyenda njira imeneyi masiku ano zimatha mamailosi oposa 300 pa ola limodzi zikakwera m'mwamba, ndipo ulendo wonse ndi wa mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono. Siziima pa Ncheu kuti wina atsike, sizidikira ng'ombe kuti zidutse pa mseu. Basi imafuna maola 4 kapena 5.

Chingwe chija chiri ndi nkhani yake, ndipo ndifuna tichitsate. Chikachoka pa Chileka chimaoloka Shire cha ku Nkula, kumene amapanga magetsi. Kenaka chimakwera mapiri a ku Neno ndi Tsangano, ndi kutuluka m'dziko lathu kulowa ku Mozambique, m'dera la Angonia, kudutsa pamwamba pa tauni ya Ulongwe. Chimasiya phiri la Dedza kudzanja lamanja, chimalowanso m'Malawi, chimadutsa cha ku Nathenje ndi kufika pa Lumbadzi. Mseu sungathe kutero. Uyenera kufuna pamene Shire ndi wopapatiza ndi wa miyala yolimba kuti mlatho ukhalepo. Uyenera kulambalala mapiri amene lole yolemedwa singakwere. Ndiponso suyenera kulowa m'dziko la eni. Chifukwa chake pakati pa Ncheu ndi Dedza umayenda motsata malire enieni, kotero kuti pa msika wa Lizulu munthu amagula mbatata tsidya lino la mseu ndi kukagula kabichi tsidya linalo, atalowa kale ku Mozambique.

Tsono tibwerere m'mbuyo, tione m'mene anthu akhala akuyendera mtunda umenewu.

Makolo athu sanali kuwerenga mamailosi. Anali kuwerenga kuti munthu agona kangati pa njira. Azungu atafika, katundu yense anali kuyenda pa mutu pa anthu, ndiwo amtengatenga. Munthu mmodzi anali kusenza mapaundi 50 kapena 60, ndipo akalimbika anali kutha mamailosi 15 pa tsiku. Werengani nokha: mamailosi 200 ndi milungu iwiri, osaphatikiza masiku amene ulendo waima chifukwa mtsinje wadzaza. Mzungu anali kugona m'machila, anyamata akusinthana mapewa. Pamene Boma la Lilongwe linakhazikika mu 1904, kalata yochokera kwa Bwanamkubwa ku Zomba inali kufika ndi amesenjala oyenda pansi.

Panali njira ina, ya pamadzi. Munthu anali kutsika kuchokera ku Blantyre kufika pa Matope, pamwamba pa mathithi a Shire, ndi kukwera sitima yodzera ku Liwonde ndi ku Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi, kulowa m'nyanja. Akatsika ku gombe la Domira Bay, anali kukwera mapiri kunka ku Dowa. Amishoni a mpingo wa Dutch amene anayamba Mvera mu 1889 anafika chochokera kunyanja komweko. Njira imeneyi inali yaitali koposa zonse, koma katundu wolemera anali kuikonda, pakuti madzi satopa.

Chimene chinatsegula mseu weniweni wa ku Lilongwe ndi fodya. Cha m'ma 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anayamba kugawa mbeu ya fodya wa chikopa kwa alimi a ku Lilongwe ndi kugula masamba ao. Ulimi umenewu unafalikira msanga ku Lilongwe ndi ku Dowa, kotero kuti mu 1926 Boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya wa alimi a m'midzi, la Native Tobacco Board. Koma mafakitale onse anali ku Limbe, ndipo okushoni nayo, itatsegulidwa mu 1938, inali ku Limbe komweko. Fodya anayenera kupita kumwera. Poyamba anali kuyenda pa malole, kudzera ku Dedza ndi ku Ncheu pa mseu wa fumbi, ndi kuoloka Shire pa Matope kapena pa Liwonde. Nthawi ya mvula lole inali kutitimira m'matope, anthu a m'mudzi wapafupi n'kuitanidwa kudzakankha.

Mu 1935 njanji inafika ku Salima, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi unatha. Tsono taonani ulendo wa belo la fodya wolimidwa ku Nsaru kapena kwa Kabudula. Msika wake uli kumwera, koma ilo liyamba lalowera kum'mawa, mamailosi oposa 60 pa lole, kutsetsereka mapiri mpaka ku Salima. Kumeneko alikweza m'sitima, imene iyenda m'mphepete mwa nyanja kudzera ku Chipoka, ku Golomoti, ku Balaka, ioloka Shire, idutsa ku Lirangwe ndi ku Lunzu, ndipo potsiriza ifika ku Limbe. Mlimi sanali kuuona ulendo umenewu, pakuti iye anali kugulitsa pa msika wa kufupi ndi kwao. Koma ndalama za ulendo wonsewo zinali kutuluka m'thumba mwake, chifukwa mtengo umene anali kulandira unali wochotseratu kale zolipira lole ndi sitima.

Ndi m'zaka zomwezo pamene ndege zinayamba kuyenda maulendo okhazikika m'dziko muno. Mu 1931 mzungu wina wa ku Blantyre, dzina lake Christowitz, anayamba kuyendetsa kandege kakang'ono pakati pa Blantyre ndi Beira. Mu 1933 kunabadwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene ndege zake zinali kuyenda pakati pa Blantyre ndi Salisbury, amene lero ndi Harare. Nkhondo ya 1939 isanayambe, ndege zimenezi zinali zitayamba kufika ku Lilongwe ndi kupitirira mpaka ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata. Bwalo la Lilongwe la masiku amenewo silinali ku Lumbadzi ai. Linali kumadzulo kwa tauni, pa mseu wa ku Mchinji, ndipo liripo mpaka lero, anthu amangoti bwalo lakale. Ina mwa ndege zao inali Dragon Rapide, ya mapiko awiri pamwamba ndi awiri pansi, yopangidwa ndi matabwa okutidwa ndi nsalu yolimba, yonyamula anthu 6 kapena 8. Inali kutha ulendowu m'nthawi yopitirira pang'ono ola limodzi.

Ganizani: milungu iwiri ya mtengatenga inasanduka ola limodzi, munthu yemweyo amene anasenzapo katundu pa unyamata wake akali moyo. Koma anali kukweramo ndani? Akuluakulu a Boma, eni minda ya fodya, amalonda, ndi matumba a makalata. Mabwalo a nthawi imeneyo anali a udzu, ndipo gawo la munthu wa kumudzi linali kuzula zitsa, kugumula zulu, kumweta udzu ndi kuingitsa ng'ombe ndege isanatere.

Nkhondo itatha, mu 1946, maboma atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anasonkhana ndi kupanga kampani imodzi, Central African Airways. Gawo la Nyasaland m'kampaniyo linali laling'ono koposa, magawo 15 pa 100. Ndege zake ziwiri ndizo akulu a m'midzi amazikumbukira. Ina ndi Dakota, ya injini ziwiri, yonyamula anthu oposa 20. Ina ndi Beaver, yopangidwa ku Canada, ya injini imodzi ndi mapiko pamwamba, imene inabwera m'zaka za m'ma 1950. Beaver inali kutera pa bwalo lalifupi ndi losasalala, ndipo ndi iyo inali kufika ku mabwalo ang'onoang'ono monga a ku Mzimba ndi ku Karonga. Kwa dokotala, kwa wodwala wofunika opaleshoni, kwa mkulu wa za ulimi wothamangira kumene kwagwa tizirombo, ndege imeneyi inali thandizo lalikulu, ndipo zimenezo sitingakane.

Koma pali chaka chimodzi chimene chionetsa poyera polekezera mphamvu ya ndege, ndicho 1949. Mvula inadula m'nyengo ya 1948 ndi 1949, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo njala inagwa koopsa ku chigawo cha kumwera. Mwa madera amene anabvutika kwambiri munali Lunzu ndi Lirangwe, midzi yoyandikana ndi Chileka yemweyo. Kumapiri a ku Ncheu, ku Neno ndi ku Angonia chakudya chinalipo ndithu. Amuna ambiri ananyamuka ndi miyendo kunka kumeneko kukasuma, kuoloka Shire ndi kukwera mapiri, ena kubwera ndi kadengu ka chimanga, ena osabweranso. Onani kuti njira imene anthu anjalawo anali kuyenda ndi yomwe ija ya chingwe chathu pa mapu. Ndege inali kudutsa pamwamba pao.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji Boma silinatume ndegezo kukatenga chimanga? Tiyeni tiwerenge pamodzi, monga timachitira powerenga zokolola. Dakota inali kunyamula katundu wa matani 3. Ameneyo ndi matumba 30 a chimanga, matumba akale aja a mapaundi 200. Onse pamodzi ndi mapaundi 6,000. Mudzi wa anthu 100, munthu ali yense akamadya paundi imodzi yokha pa tsiku, umatha chimanga chimenecho pa masiku 60. Mudzi umodzi, miyezi iwiri. Ndipo midzi yanjala inali mazanamazana. Chakudya cha dziko lonse chimayenda pa njanji ndi pa mseu basi. Ndipo chaka chimenecho njanji nayo inali pa bvuto, pakuti mlatho wa ku Chiromo unali utakokoloka mu 1948, kotero kuti chimanga chogulidwa kunja chinali kuchedwa kufika. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linatsegula malo ogawira chakudya, koma kwa ena thandizo linafika mochedwa.

Anthu a m'midzi anayamba kukwera ndege mwaunyinji pa chifukwa china, ndicho ulendo wa ku Joni. M'zaka za m'ma 1950 Wenela, bungwe lolemba anthu a nchito za m'migodi, inayamba kunyamula amuna pa ndege zake kuchokera ku Chileka ndi ku Lilongwe kunka ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, ndipo kuchokera kumeneko anali kukwera sitima mpaka ku Johannesburg. Malo okwerera mabasi ku Blantyre amene mpaka lero timati pa Wenela anatenga dzina kwa bungwe limeneli. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa amuna amenewo. Anali kutiuza kuti anayenda pansi masiku awiri kuti akafike kolembetsa, koma atakwera ndege, dziko lonse limene anali kulidziwa linatha kuseri kwa phiko asanamalize kupemphera. Makutu anatsekeka, ndipo mnzao wokhala pambali, mwamuna wa ndebvu zake, anawagwira mkono osausiya mpaka kutera. Ulendo umenewu unatha ndi maliro. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela imene inali kubwera ndi amuna otsiriza nchito inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 anafa. Dr. Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno. Kulembako kunadzayambanso mu 1977, koma sikunafikenso pa unyinji wakale.

Dzina la Chileka linalowanso m'mbiri ya ndale. Pa 6 July 1958 Dr. Banda anatera pamenepo, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo khamu lalikulu linamchingamira. Miyezi 8 itapita, pa 3 March 1959, Boma la Atsamunda linamgwira ndi kumkweza ndege pa bwalo lomwelo kunka naye ku ndende ya ku Gwelo. Asilikali a Chitaganya nao anafika pa ndege kudzera pa Chileka. Anthu a ku Fort Hill, kumene lero ndi Chitipa, anazindikira msanga kuti bwalo la ndege ndi khomo, ndipo m'mwezi wa February chaka chomwecho analitseka kuti ndege isatere.

Chaka cha ufulu, 1964, kunabadwa Air Malawi. Poyamba inali nthambi ya Central African Airways, ndipo inaima payokha kampani ija itatha kumapeto kwa 1967. Zaka zonsezi Chileka ndiye anali khomo la dziko. Mlendo wochokera kunja anali kutera pa Chileka, ndipo Lilongwe anali ngati mudzi wa pa njira, kumene ndege iima pang'ono ikamapita kumpoto.

Zinthu zinatembenuka pamene likulu linasamuka kuchoka ku Zomba kunka ku Lilongwe mu 1975. Midzi ina inasamutsidwa kuti mzinda umangidwe, ndipo mafumu a kumeneko akudziwa bwino kuwawa kwa kusiya manda a makolo. Bwalo latsopano la ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983. Mseu wake wotererapo ndege ndi wautali kupitirira mamailosi 2, pamene wa ku Chileka sukwana mailosi imodzi ndi theka. Utali umenewu uli ndi chifukwa chake. Lumbadzi ali pamwamba, mapazi 4,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Chileka ali pa mapazi ngati 2,500. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo ndege yolemedwa iyenera kuthamanga mtunda wautali pansi mapiko asanagwire mphepo. Bwalolo litatha, ndege zazikulu zochokera kutali zinayamba kutera ku Lilongwe. Onani chodabwitsa: bwalo latsopano liri kumpoto kwa mzinda, kotero kuti mtunda wa kumwamba wochokera ku Chileka unatalikirako pang'ono poyerekeza ndi wa ku bwalo lakale.

Kwa mlimi, ine ndiona kuti zinthu zimene zinafupikitsa mtunda umenewu zinachitika pansi. Mu 1965 anamanga chotchingira madzi pa Liwonde, chimene pamwamba pake panayamba kudutsa galimoto, ndipo kudikira pantoni kunatha. Mu 1979 njanji inakwera kuchokera ku Salima kufika ku Lilongwe. Ku Kanengo kunamangidwa okushoni ya fodya ndi nkhokwe zazikulu za chimanga, kotero kuti belo lija la kwa Kabudula linaleka kuzungulira dziko. Msika ndiwo unabwera kwa mlimi. Pambuyo pake mseu wa tala wodzera pa Zalewa unachotsa mamailosi ena kwa wopita ku Blantyre. Pa zonsezi palibe chimene chinali ndi phokoso loimitsa msonkhano, koma ndizo zinasintha ndalama zotsala m'manja mwa mlimi akagulitsa mbeu zake. Mpaka lero, kukagwa njala kumwera, chimanga chochokera ku Kanengo chimatsika pa malole. Ngakhale m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe, lamulo ndi lomwelo: zouluka zimafika kumene mseu waduka, ndi mankhwala ndi chakudya cha masiku ochepa, koma matumba ambiri amadikira kuti mlatho ukonzedwe.

Air Malawi inaleka kuyenda mu 2013. M'malo mwake munalowa kampani ina, imene Boma lathu liri ndi magawo 51 pa 100 ndipo otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Ndege zake zinayamba kuuluka mu January 2014.

Ine ndinayendapo ulendo umenewu kamodzi kokha, potumidwa ku maphunziro a nchito ku Blantyre, ndipo ndikuuzeni zimene ndinaona, pakuti ziri ndi mbali pa nchito yathu. Unali mwezi wa October, mvula isanagwe. Titanyamuka ku Lumbadzi, dziko la Lilongwe linaoneka ngati mphasa yofiira, minda yokhayokha kufikira kumene maso alekeza. Apa ndi apo panali timagulu ta mitengo yobiriwira, tozungulira ngati mbale. Ndinayamba ndadabwa, kenaka ndinazindikira kuti ndi manda. M'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, kumene nkhwangwa imaopa lamulo la mfumu. Mafumu, mau anu ali ndi mphamvu imene imaoneka ngakhale kuchokera m'mitambo. Ndinaona madimba akutsata mitsinje ngati ulusi wobiriwira. Ndinaona mapiri ena amene mizere yake iri yopingasa bwino, ngati mizere ya pa nkhope ya nkhalamba, ndi ena, oyandikana nao, amene mizere yake itsetsereka ndi phiri, pansi pake pali chigwembe chofiira ngati bala. Mlangizi amayenda sabata yathunthu pa njinga kuti adziwe mudzi umene wamvera ndi umene sunamvere. Kumwambako zimaoneka pa mphindi imodzi, ndipo palibe chobisika.

Phiri la Dedza linadutsa kudzanja lamanzere. Malire a dziko sindinawaone. Minda, nyumba ndi tinjira ta kumadzi zinali chimodzimodzi mbali zonse, monga mudziwa kuti Angoni ndi Achewa a tsidya lino ndi a tsidya ilo ndi pachibale. Kenaka dziko linatsika mwadzidzidzi, mapiri ambiri ali mbee, mitengo itapita ku makala, ndipo Shire anaoneka pansi. Ndisanamalize kumuyang'ana, anatiuza kuti timange malamba. Potuluka pa Chileka kutentha kunandimenya kumaso ngati ndatsegula chitseko cha chigafa.

Koma ndiwerengenso moona. Kuchoka m'tauni ya Lilongwe kufika ku Lumbadzi ndinatha theka la ola ndi kuposerapo. Pa bwalo ndinayenera kufika ola lathunthu ndege isananyamuke, kuti ayese katundu ndi kuona makalata. Kumwamba mphindi 40. Kudikira chikwama pa Chileka ndi kulowa m'tauni, ola linanso. Zonse pamodzi maola atatu. Ndinapulumutsa ola limodzi kapena awiri poyerekeza ndi basi, ndipo ndalama za tikiti, zimene mwamwayi sizinatuluke m'thumba mwanga, zikanandikweza basi kangapo konse.

Pobwerera ndinakwera basi. Tinaoloka pa Zalewa, tinakwera zitunda za ku Ncheu, ndipo pa Lizulu ndinatsika ndi kugula ndowa ya mbatata ya kachewere ndi anyezi, zimene kunyumba anazilandira ndi manja awiri kuposa nkhani zanga za m'mitambo. Amfumu amene munandifunsa, ngati wailesi yanu iri ndi mabatire madzulo ano, ndidzadutsanso kwanu mwezi wa mawa poyendera nazale za mitengo, ndipo ndidzabwera ndi mapu ndi chingwe kuti muyese nokha.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku nchito yathu, ndipo tidzakamba za kukonza nkhokwe ndi kuteteza chimanga kwa anankafumbwe.